Ndimagulitsa pa WhatsApp, ndilibe shopu: kodi msonkho ukundikhudza?

Funso

Ndine mayi wa ku Lilongwe. Ndili pa ntchito yolembedwa ndipo mwezi ndi mwezi amandidula PAYE. Pambali ndimachita geni ya nsapato, zikwama ndi zofunda za pabedi. Zina ndimaoda ku Kariakoo ku Dar es Salaam, zina ku China kudzera mwa anthu otibweretsera katundu. Shopu ndilibe, ndimangoika zithunzi pa status ndi pa Facebook, ndalama n'kumalowa pa Airtel Money, pa TNM Mpamba ndi kubanki. Mwezi ukayenda bwino zimafika K900,000. Posachedwa loji ina inafuna kundigula zofunda, koma inandifunsa TPIN (nambala ya wolipira msonkho) n'kunena kuti idula msonkho pa ndalama yangayo. Kodi ndiyenera kulipiranso msonkho pomwe katundu ndinamulipirira kale pa boda ndipo kuntchito amandidula? Nanga ndikakalembetsa, sakandilipiritsa za zaka zonse zapitazi?

Yankho

Mayi, inde, msonkho ukukukhudzani. Lamulo la msonkho wa pa ndalama zomwe munthu wapeza, lomwe ndi Taxation Act, silifunsa ngati muli ndi shopu ku Area 2 kapena benchi mumsika. Limafunsa ngati mukuchita malonda, komanso ngati ndalamazo mukuzipangira m'Malawi muno. Status ndi Facebook ndi poyalira katundu kuti anthu amuone. Wogulitsa pakhonde la sitolo ndi inu wogulitsa pa foni, lamulo lanu ndi limodzi.

Koma chomwe chandidetsa nkhawa m'kalata yanu si chimenecho. Mwandiuza ndalama zomwe zimalowa, K900,000, koma simunandiuze zomwe zimatsala mukachotsa zonse zomwe mwawononga. Ndikuganiza kuti chiwerengero chimenecho sichinalembedwe paliponse. Anthu ambiri a geni ya pa foni amene ndimawathandiza pa za misonkho amabwera ali chimodzimodzi, ndipo chomwe chimawapweteka kwenikweni si kukula kwa msonkho ayi, koma kusowa pepala loonetsa kuti pa ndalama zambiri zomwe zinadutsa mufoni mwawo, zawozawo zinali zochepa. Zonse zomwe ndikuuzeni pansipa zikuzungulira pa nkhani imeneyi.

Tiyambe ndi kusiyanitsa malonda ndi kungogulitsa chinthu. Mukagulitsa firiji yanu yakale chifukwa mwagula ina, kapena zovala zomwe ana azikulira, amenewo si malonda, ndipo lamulo silifuna msonkho pa katundu wa pakhomo wotere. Koma mukagula chinthu n'cholinga choti mukachigulitse pa mtengo wokwererapo, n'kumabwereza mwezi ndi mwezi, muli pa bizinesi, kaya munailembetsa kaya ayi, kaya mumaichita usiku mutaweruka kuntchito. Inu palibe chokayikitsa, muli m'gulu lachiwirili.

Mwatchula misonkho iwiri yomwe mukulipira kale, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake mukuona ngati akufuna kukudyerani kawiri. PAYE ndi msonkho wa pa malipiro anu a kuntchito, ndipo abwana anu amaudula pa malipiro okhawo, chifukwa za nsapato iwo sazidziwa. Wa pa boda, womwe ambiri timangoti duty, ndi msonkho wolowetsera katundu m'dziko, ndipo umalipidwa ngakhale katunduyo akanakhala woti mukagwiritse ntchito nokha. Wachitatu, womwe simunayambe, ndi wa pa phindu la geni yanu. Chokoma chake n'chakuti wa pa bodawo sutayika: umawerengedwa ngati mbali ya mtengo womwe munagulira katundu, choncho umachepetsa phindu lomwe lidulidwe msonkho. Koma umatero pokhapokha muli ndi umboni woti unalipidwa.

Apa ndi pomwe ndikufuna tichedwepo, chifukwa ndi pomwe ogulitsa pa intaneti ambiri amagwera. Katundu wa ku China, ngakhalenso wina wa ku Dar es Salaam ndi ku Johannesburg, ambiri simumuombola nokha. Mumalipira wokubweretserani pa kilogalamu kapena pa katoni, iye n'kuphatikiza katundu wa anthu ambiri mu kontena kapena mu thiraki imodzi, n'kuombola pa Songwe, pa Dedza, pa Mwanza kapena pa bwalo la ndege la Kamuzu m'dzina lake kapena la kampani yake. Inu mumangolandira uthenga woti katundu wafika, bwerani mudzatenge. M'makompyuta a MRA, bungwe la boma lotolera misonkho, katundu ameneyo si wanu. Tsiku lomwe mudzanene kuti "ndinalipira duty," adzakufunsani pepala, ndipo uthenga wa pa WhatsApp woti "sis katundu wafika" sudzakuthandizani.

Ndiye muzichita izi. Nthawi iliyonse wokubweretserani katundu azikupatsani lisiti lokhala ndi dzina la bizinesi yake, TPIN yake, tsiku, mtundu wa katundu ndi ndalama zomwe mwamulipira. Ngati angathe, akupatseninso kope la chikalata chomwe anaombolera katunduyo. Wokana kupereka lisiti muzimukayikira, chifukwa pena kutchipa kwa mtengo wake kumachokera pa kuzembetsa katundu kapena kunama mtengo pa chipata, ndipo a MRA akagwira thiraki panjira, katundu yemwe amakhala m'nyumba yawo yosungira ndi wanu, pomwe makasitomala anu analipira kale dipoziti. Mukapita nokha ku Kariakoo, pemphani malisiti m'masitolo momwe mukupikula, ndipo pa Songwe lisiti la MRA likhale m'dzina lanu. Ndikudziwa kuti pa chipata pamakhala chiyeso chochepetsa mtengo wa katundu kuti duty itsike. Kuonjezera pa kuti ndi mlandu, kumakubwereraninso: mukalembetsa kuti katoni munagula K200,000 pomwe munagula K400,000, pa mapepala phindu lanu lidzaoneka lalikulu kuposa lenileni.

Palinso msonkho wina wa pa chipata wotchedwa Advance Income Tax. Uwu si duty. Ndi gawo la msonkho wa pa phindu lomwe woitanitsa katundu wa malonda amalipiriratu pomwe akuombola. Unayamba pa 3 peresenti ya mtengo wa katundu. Ukalipidwa pa TPIN yanu, umadzachotsedwa pa msonkho womwe mukuyenera kulipira pakutha pa chaka. Ukalipidwa pa TPIN ya wokubweretserani katundu, ndalama ndi yanu koma wopindula ndi iyeyo.

Tsopano tiyerekeze mwezi wanu wabwino uja. Ziwerengerozi ndangopanga kuti muone kawerengedwe kake, inu mudzaikepo zanu zenizeni. Mwagulitsa katundu wa K900,000. Katundu yemwe mwagulitsayo munamuoda K520,000. Thiransipoti ndi za pa boda zinadya K130,000. Akabaza okaperekera makasitomala ndi mabasi otumizira ku Mzuzu ndi ku Blantyre, K40,000. Bandulo ndi mayunitsi a geni, K25,000. Kulipira Facebook kuti zithunzi zifike kwa anthu ambiri, K15,000. Zomwe amadula potumiza ndi potapa ndalama pa foni ndi kubanki, K10,000. Zonse pamodzi K740,000. Chotsala ndi K160,000, ndipo phindu lanu ndi limenelo. Munthu wongoona sitetimenti yanu angaganize kuti mumapeza pafupifupi K11 miliyoni pa chaka, pomwe yanu siikufika K2 miliyoni.

Lamulo limalola kuchotsa ndalama zomwe mwawononga pa bizinesi yokha basi, zomwe zinali zofunikadi kuti ndalama zipezeke. Fizi ya ana, ndiwo, lendi ya nyumba yogona ndi za banki m'khonde sizilowamo, ngakhale zitachokera mufoni yomweyo. Bandulo ngati mumagwiritsa ntchito pa geni ndi pocheza, mugawe mwachilungamo. Foni yojambulira kapena mashelefu, zinthu zokhalitsa, sizichotsedwa zonse chaka chimodzi, zimachotsedwa pang'onopang'ono. Katundu yemwe akadali m'chipinda osagulidwa pakutha pa chaka sachotsedwa, amadikira chaka chomwe adzagulidwe, n'chifukwa chake muyenera kumuwerenga tsiku lotseka chaka. Za ngongole nazo: mnzanu wa kuofesi akatenga chikwama kuti adzalipira pakutha pa mwezi, mwagulitsa tsiku lomwelo, lembani. Akadzathawa nayo ngongoleyo mutayesetsa kuitsata, imatha kuchotsedwa, koma muonetse kuti munayesetsadi.

Pali chinthu china chomwe sindingachidumphe. Ambiri oitanitsa katundu, chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja m'mabanki, amagula madola kapena mashilingi kwa osintha ndalama a mumsewu. Kumeneko n'kuphwanya malamulo a ndalama zakunja, komanso kulibe lisiti. Zotsatira zake, mtengo weniweni womwe munagulira katundu umavuta kuutsimikizira. Pomwe mungathe kulipira kudzera kubanki, pa khadi kapena ku malo osinthira ndalama ovomerezeka, teroni, ndipo kapepala kake musataye.

Kodi mulipira zingati? Zikutengera gulu lomwe a MRA akuikeni pokulembetsani. Kwa mabizinesi ang'onoang'ono pali msonkho wotchedwa presumptive tax, womwe unabwera mu 2021 m'malo mwa turnover tax ya 2 peresenti. Uwu suyang'ana phindu, umayang'ana ndalama zonse zomwe mwagulitsa pa chaka, n'kukupatsani mtengo umodzi wokhazikika. Pomwe unkayamba, wogulitsa zosapitirira K4 miliyoni pa chaka sankalipira kanthu, kuyambira pamenepo kufika K7 miliyoni, K110,000, kufika K10 miliyoni, K170,000, kufika K12.5 miliyoni, K225,000 pa chaka. Pa mlingo umenewo, munthu wogulitsa K900,000 mwezi uliwonse akanalipira K225,000 pa chaka, yomwe ndi K18,750 pa mwezi, mtengo wosafika pa nsapato imodzi yabwino. Ndikutchula izi kuti muone kuti chinthu chomwe chimakusowetsani tulochi nthawi zambiri n'chaching'ono kuposa momwe mantha amachikulitsira. Ziwerengero za misonkho zimasintha nduna ya zachuma ikapereka bajeti ku Nyumba ya Malamulo, choncho tsiku lomwe mukalembetse mukafunse za chaka chimenecho.

Mukapitirira malire a gulu limeneli, mumalowa m'njira ya masiku onse: mumapereka ripoti la pachaka loonetsa zomwe mwagulitsa, zomwe mwawononga ndi phindu. Popeza muli pa ntchito, ripotilo limaonetsa malipiro anu ndi phindu la geni pamodzi, ndipo PAYE yomwe anakudulani kale imawerengedwa ngati yolipidwa. Dziwaninso kuti gawo loyambirira la ndalama lomwe silidulidwa msonkho limaperekedwa kamodzi kwa munthu mmodzi. Ngati malipiro anu analidya kale, musayembekezere kuti geni ilandiranso lake. Ripotili limafunika pasanathe masiku 180 chaka chanu cha bizinesi chitatha, ndipo mkati mwa chaka mumalipiriratu pang'onopang'ono miyezi itatu iliyonse, womwe amati provisional tax.

Malire a K12.5 miliyoni aja ankaoneka akutali mu 2021. Koma kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mitengo ya katundu wakunja inakwera motsatira. Munthu wogulitsa nsapato zochuluka chimodzimodzi ngati kale akhoza kupezeka kuti wadumpha malire pomwe phindu lake silinakule. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa ngakhale amene ali pa presumptive tax kuti azilemba zonse ngati kuti ali m'gulu lalikulu. Chaka chomwe mudzawoloke malire sichidzakuchenjezani.

Za VAT ndinene mwachidule, chifukwa pakali pano mwina sizikukukhudzani. Wokakamizidwa kulembetsa VAT ndi amene malonda ake pa chaka apitirira malire ena, omwe ndi okwera kuposa a presumptive tax. Ngati simunalembetse, musayerekeze kuonjezera VAT pa invoisi yanu, ngakhale kasitomala atakuuzani kuti muikepo. Kutolera VAT usanalembetse ndi mlandu. VAT yomwe mumalipira pa boda, kwa inu ndi mbali ya mtengo wa katundu. Mukadzakula n'kulembetsa, mudzayamba kupereka ripoti mwezi uliwonse pofika pa 25, ndi kupereka malisiti ovomerezeka ndi MRA pa chilichonse chomwe mwagulitsa, ngakhale oda yabwera pa inbox pakati pa usiku.

Tibwere kwa a loji aja. Sakukuberani, ndipo si nkhanza. Lamulo limawalamula kuti akamalipira wowagulitsa katundu azidula withholding tax n'kukapereka ku MRA, ndipo akapanda kutero amalipira okha ndi chilango pamwamba. Pa katundu mlingo wodziwika ndi 3 peresenti, pomwe pa ntchito zina monga ukatswiri kapena komishoni umakwera kwambiri. Pa oda ya K1 miliyoni, 3 peresenti ndi K30,000. Ndalama imeneyo imakalembedwa pa TPIN yanu ngati msonkho womwe mwalipiriratu. Chofunika n'chakuti akupatseni chiphaso choonetsa kuti adula ndipo apereka. Ndaonapo anthu akudulidwa zaka zingapo ndi masukulu, mabungwe ndi mahotela osatenga chiphaso ngakhale chimodzi, kenaka n'kudzalipiranso msonkho wonse ngati kuti sanadulidwepo. Komanso poika mtengo wa oda ya kampani, kumbukirani kuti ndalama yofika m'manja idzakhala yoperewera ndi gawo limenelo, kuti mpamba woodera katundu wina usakuthereni.

Funso lomwe simunalembe koma ndikudziwa kuti lili mumtima ndi lakuti, akandidziwa bwanji? Musaganize za munthu wa ku Msonkho House, likulu la MRA ku Blantyre, atakhala pansi kuonera ma status a anthu. Mayina amatulukira m'mapepala a anthu ena. Loji ija ikapereka ripoti la withholding tax, dzina lanu lilimo. Katundu akaomboledwa m'dzina lanu, muli mu kompyuta ya kasitomu. Nambala yanu ya foni inalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika, akaunti ya kubanki chimodzimodzi. Lamulo limapatsa Commissioner General wa MRA mphamvu yoitanitsa zambiri za munthu kwa ena omwe amachita naye malonda, kuphatikizapo mabanki, komanso youza banki kuti ipereke ndalama za munthu yemwe ali ndi ngongole ya msonkho. Malonda a pa intaneti amasiya mapazi ambiri kuposa a pamsika, pomwe ndalama imangochoka m'manja kupita m'chitenje. Maiko ena afika patali pa izi. Ku Britain, kuyambira January 2024, makampani monga eBay, Etsy ndi Vinted amasonkhanitsa ndi kupereka ku HMRC, bungwe lotolera misonkho kumeneko, zambiri za ogulitsa omwe afika pa malonda 30 kapena pafupifupi 2,000 euro pa chaka. 

Ndipo akakupezani okha mulibe mabuku, lamulo limawalola kuyerekeza msonkho wanu ndi zomwe ali nazo m'manja. Zomwe amakhala nazo ndi ndalama zolowa. Mufoni mwanu mumalowa za nsapato, komanso za chipereganyu, zomwe achimwene anu atumiza kuchokera ku Joni kuti mukapatse mayi kumudzi, zopereka za maliro zomwe munasonkhetsa kuofesi, ngongole yomwe mnzanu wabweza. Zonsezo zikasakanikirana, udindo wotsimikiza kuti iyi si ya malonda umakhala pa inu, patapita zaka, mutaiwala kale. Mukhoza kudandaula, ndipo kuyambira ndi malamulo a 2021, Tax Administration Act ndi Revenue Appeals Tribunal Act, njira yodandaulira ndi yochita apilo inakonzedwanso. Koma dandaulo lopanda mapepala silipita patali.

Mankhwala ake ndi otchipa. Tengani nambala ya foni ina ya geni yokha, ndi akaunti ya kubanki ya geni yokha. Kasitomala aliyense alipire kumeneko. Mukafuna ndalama ya pakhomo, dzitumizireni kuchoka ku ya geni kupita ku yanu, n'kulemba kuti mwatenga. Gulani kope lachikuto cholimba, kapena gwiritsani ntchito Excel ngati mumaitha, muzilemba tsiku, chomwe chagulidwa, mtengo ndi njira yomwe alipirira. Tsamba lina zomwe mwawononga. Malisiti a pepala lopyapyala lija amafufutika pakangopita miyezi, choncho muziwajambula tsiku lomwelo n'kusunga zithunzi pa imelo, osati mufoni mokha, poti foni imabedwa. Mwezi ukatha pemphani sitetimenti ya Airtel Money kapena TNM Mpamba ndi ya kubanki. Zonsezi musataye zisanathe zaka 7. Phindu la kope limeneli silithera pa msonkho. Amayi ambiri atayamba kulemba anazindikira kuti ankadya mpamba akuyesa phindu, ngati mlimi wokazinga chimanga cha mbewu, ndipo kuti mtundu wina wa katundu womwe unkayenda kwambiri sunkawasiyira kanthu akachotsa thiransipoti.

Nanga za zaka zapitazi? Sindikunamizani: lamulo silinena kuti msonkho umayamba tsiku lomwe mwalembetsa. Umayamba pomwe munayamba kupeza phindu, ndipo a MRA ali ndi mphamvu yobwerera m'mbuyo, ndi chiwongoladzanja ndi zilango pamwamba. Pa fomu adzakufunsani tsiku lomwe munayamba bizinesi, ndipo ndikukupemphani kuti musaname, chifukwa tsamba lanu la Facebook lili ndi madeti. Koma onani mbali inayi. Zaka zoyambirira za geni zambiri malonda amakhala ochepa, mwina osafika pa mlingo woyambira kulipira. Musanapite, khalani pansi ndi masitetimenti, muwerengere chaka chilichonse pachokha. Mukhoza kupeza kuti ngongole yake ndi yochepa kapena palibe. Wobwera yekha amalandiridwa mosiyana ndi wogwidwa. Lamulo limalola kupempha kuti zilango zichepetsedwe kapena zikhululukidwe, ndiponso kupangana zolipira pang'onopang'ono. Nthawi zina MRA imatsegula nyengo yapadera, monga Voluntary Compliance Window ya mu 2020 nthawi ya Covid-19, yomwe odziulula okha ankalipira msonkho popanda zilango. Koma musakhale pansi kudikira nyengo yotere, chiwongoladzanja sichidikira. Ngati muona kuti zaka zam'mbuyo ndalama zinali zambiri, lipirani akauntanti wovomerezeka akuthandizeni kukonza mabuku musanakalankhule ndi a MRA.

Kulembetsa kwenikweniko si kovuta. TPIN ndi yaulere. Mukhoza kupita ku ofesi ya MRA ndi chiphaso cha unzika, kapena kuyambira pa Msonkho Online, tsamba la MRA la pa intaneti, pomwenso mudzaperekere maripoti anu. Madobadoba amene angakuuzeni kuti mupereke ndalama kuti TPIN ituluke msanga, asiyeni. Ngati mukufuna kugulitsa ndi dzina la bizinesi, monga lomwe lili pa tsamba lanu la Facebook, ndi kutsegula akaunti ya kubanki m'dzina limenelo, lembetsani dzinalo kwa olembetsa mabizinesi a boma poyamba. Pa msinkhu wanu sindikuona chifukwa chothamangira kutsegula kampani ya limited: imalipira 30 peresenti pa phindu kuyambira pa kwacha yoyamba, ndipo mapepala ake ndi ambiri. Chiphaso cha malonda cha ku khonsolo ya mzinda ndi nkhani ina, ndalama zake sizipita ku MRA, ndipo kukhala nacho sikutanthauza kuti mwalipira msonkho wa pa phindu.

Chenjezo limodzi lomwe ambiri sauzidwa: mukalembetsa, mwalowa m'pangano lopereka maripoti pa nthawi yake, ngakhale chaka chomwe simunagulitse kanthu. Anthu amatenga TPIN chifukwa cha oda imodzi, n'kuiwala, kenaka patapita zaka akafuna Tax Clearance Certificate, chiphaso choonetsa kuti alibe ngongole ya msonkho, kuti apikisane nawo pa tenda amapeza zilango za maripoti osaperekedwa zitaunjikana. Geni ikaima, kapena mukasamuka m'dziko, lemberani a MRA kuwadziwitsa. Ndipo polipira, lipirani kubanki kapena pa njira zovomerezeka ndi nambala yomwe kompyuta yakupatsani. Musapereke ndalama ya msonkho m'manja mwa munthu, kaya wavala yunifolomu.

Ndikudziwa zomwe anzanu a m'magulu a WhatsApp adzanene mukawauza kuti mwakalembetsa: ndalama zake zimangobedwa, misewu ndi maenje okhaokha, m'zipatala mulibe mankhwala. Mkwiyo umenewo ndimaumva, ndipo uli ndi maziko. Tonse tikukumbukira Cashgate ya 2013. Palinso kusalungama kwina komwe kumandipweteka ine: inu mukalipira zonse, mnzanu wozembetsa katundu adzagulitsa nsapato yomweyo motchipa kukuposani. Sindingakuuzeni kuti zimenezi kulibe. Chomwe ndingakuuzeni n'chakuti geni yobisala ili ndi denga lotsika. Singagulitse ku loji, ku sukulu, ku bungwe kapena ku boma, komwe kuli maoda aakulu. Singapite kubanki ndi mabuku kukapempha ngongole, imathera kwa akatapila. Kalata yanu yomweyi ikuonetsa kuti mwafika kale pa denga limenelo.

Mukadzayamba kulandira maoda ochokera kunja, monga Amalawi a ku South Africa kapena ku Britain ofuna katundu wa kuno, phindu lake ndi la msonkho kuno, chifukwa bizinesi ikuchitikira kuno, ngakhale ndalama ibwere pa Mukuru kapena WorldRemit. Muzilemba m'kope lomwe lija, ndi mtengo wa kwacha wa tsiku lomwe mwalandira.

Pa oda ya lojiyi, musaitaye. Auzeni kuti TPIN mukuikonza ndipo akupatseni masiku ochepa. Sabata ino tengani masitetimenti a miyezi 12 yapitayi, mulekanitse za geni ndi za pakhomo, mupeze chiwerengero cha malonda a chaka chonse, chifukwa ndi chomwe adzakufunseni poyamba pofuna kudziwa gulu lanu. TPIN ikatuluka, lembani invoisi yokhala ndi dzina lanu kapena la bizinesi, TPIN, tsiku, kuchuluka kwa zofunda ndi mtengo, yopanda VAT. Polandira ndalama, funsani wa ku akaunti wa lojiyo tsiku lomwe mudzatenge chiphaso cha withholding tax, ndipo mwezi wotsatira mukaone pa Msonkho Online ngati ndalama yomwe anadulayo yaonekadi pa dzina lanu.